Agogo a Yesaya, Mlendo wa Zaka Makumi Asanu ndi Ziwiri

Agogo anga aamuna, a Yesaya Mbewe, anakhala pamudzi pathu zaka makumi asanu ndi ziwiri. Tsiku lowachotsa, munthu amene anawatchula kuti mlendo anali atakhala pa benchi imene iwo anakhoma, pamthunzi wa mango amene iwo anadzala. Ine ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa, ndipo mpaka lero nkhaniyi sindinaiiwale.

Dzina langa ndine Ndaziona. Amayi anga, a Gertrude, ndi mwana wachitatu wa agogowo. Kwathu ndi chakumadzulo kwa Nsaru, mudzi wa m'mbali mwa dambo, koma agogo kwawo kobadwira kunali ku Nambuma. Anabwera m'chaka cha 1957 kudzakwatira agogo aakazi, a Tisiyenji, amene iwo ankawaitana kuti Namwale. Anabwera chikamwini, monga ankachitira amuna ambiri masiku amenewo, atanyamula khasu, kasemasema ndi mphasa. Akuluakulu a pamudzi anawalozera malo amene aliyense anawakana, kumunsi kwenikweni, kumene dzinja lililonse madzi ankadikha mpaka m'mawondo ndipo bango linali lowirira. Ankafuna aone ngati mkamwiniyo angathawe. Sanathawe. Anakumba ngalande ziwiri, madzi anapeza njira, ndipo pofika chaka chachitatu panali dimba la mzimbe, nthochi ndi mpiru. Kumtunda kwa dimbalo anayamba kudzala m'bawa, bulugamu ndi malaina, chaka ndi chaka, mpaka panakhala nkhalango yoti anthu ankalozerana njira: "Mukafika pa mitengo ya a Mbewe, mukhotere kumanja."

Kukhala chabe kunali ngati matenda kwa iwo. Ankasema magoli a ng'ombe, kukonza ngolo, kumanga zigafa za fodya, kuluka nkhokwe, kuumba njerwa. Chitsime chimene mudzi wonse unkamwa mjigo usanabwere anakumba ndi iwo. Zikhatho zawo zinali zokhakhala ngati khungwa, moti akakupatsa moni unkamva kukanda. Ku tchalitchi benchi ikalira pa nthawi ya ulaliki, nkhope yawo inkasintha, ndipo Lolemba m'mawa unkawapeza ali komweko ndi hamala ndi misomali. Kawiri konse anawasankha kuti akhale mkulu wa mpingo, ndipo kawiri konse anakana.

"Misonkhano yanu imatalika," anawauza abusa. "Mukagwirizana chochita, mudzandiitane ndidzachite."

Sindinama kuti anali munthu wofewa. Anali ovuta. Ukalima mzere wokhota, ankaufafaniza iwe ukuona, osanena kanthu, n'kuulimanso okha. Ana awo aamuna awiri anakakwatira kutali, wina ku Mchinji wina ku Kasungu, ndipo ankanena okha moseka kuti anathawa khasu la bambo awo. Amene ankatha kuwakhazika pansi anali agogo aakazi okha.

"A Mbewe, phala likuzizira."

"Ndikubwera, Namwale. Katsala kamodzi."

"Chikwatiraneni chathu, tsiku lililonse katsala kamodzi!"

Apo ankaseka, n'kutula chida, n'kudzamwa phalalo ali chiimire.

Tsopano ndinene za a Filipo. Iwowa ndi mlongo wawo wa agogo aakazi, mzime m'banja mwawo. Pamene agogo ankafika pamudzi, a Filipo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, bambo awo atamwalira kale, ndipo anakulira m'nyumba mwa agogo. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ng'ombe inawabaya pantchafu. Agogo anawamanga chilondacho ndi malaya awo, n'kuwakhazika pa njinga, n'kukankha wapansi mpaka ku chipatala cha ku Namitete. Anakhala nawo kumeneko sabata yathunthu. Agogo aakazi ankati ndi sabata yokhayo m'banja lawo lonse imene amuna awo sanagwire khasu.

A Filipo atakula anakhala munthu wapakamwa. Zipani zitabwera mu 1994 anapeza ntchito yowayenera, yoyenda m'misonkhano ndi kuombera m'manja, ndipo chisankho chilichonse malaya awo ankasintha mtundu. Munda wawo unkalimidwa ndi akazi awo. Koma poti akulu awo onse anatha kumwalira, iwo ndiwo anatsala mwini mbumba, woyang'anira ife tonse obadwa kuchikazi ndi minda yathu.

Chaka cha njala, 2002, ndinali fomu folo. Zaka zingapo m'mbuyo mwake agogo anali atadzala chinangwa m'mphepete mwa nkhalango, anthu n'kumawaseka kuti kodi fodya wawakanika. Ndiponso mwezi wa Okutobala chaka chapitacho anali atadzala chimanga ku dimba, n'kumathirira ndi makeni awiri kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pofika Febuluwale, midzi yoyandikana nafe anthu ankakumba zitsa za nthochi n'kumasinja, ndipo maliro ankachitika pafupifupi tsiku lililonse. Kwathu agogo ankazula chinangwa n'kumagawa khomo ndi khomo. Ana asanu ndi awiri a a Filipo anadya pakhomo pa agogo miyezi iwiri yathunthu. Pamudzi pathu sipanafe munthu ndi njala.

Masana ena bambo wina wa mudzi wapatsidya anagwidwa akuthyola chimanga m'dimba la agogo. Anthu anathamangira ndi zibonga, chifukwa masiku amenewo wakuba chimanga ankamuchita zoopsa. Agogo anaima pakati.

"Chimangacho n'changa, musiyeni," anatero. Kenaka anatembenukira bamboyo n'kumupatsa keni. "Ngati uli ndi mphamvu zothyola, uli ndi mphamvu zothirira. Tiye."

Bamboyo anathirira nawo mpaka madzulo, napita kwawo ndi zinangwa m'thumba. Mawa lake anabweranso yekha.

Agogo aakazi anamwalira mu Julaye 2009, atadwala masiku asanu okha. Bokosi lawo anakhoma ndi agogo eni ake, ndi matabwa a m'bawa amene anali atasunga pa denga la chigafa. Anthu anayesa kuwaletsa kuti wofedwa sagwira ntchito yotere. Iwo anangoti, "Namwale sangagone m'bokosi lokhota," n'kupitiriza kupala.

Patatha mwezi, a Filipo anaitanitsa banja lonse. Nthawiyo ine ndinali ndikuphunzitsa pa sukulu ina cha ku Mpingu, ndipo ndinabwera Loweruka m'mawa. Mwambo wake ndi wodziwika: mkazi akamwalira, akwawo amakhala pansi n'kumusudzula mwamuna, ndiye kuti kumumasula, kuti ngati akufuna kubwerera kwawo kapena kukwatira kwina apite mwaufulu. Mwambowo ine sindiuda. Ndaona m'midzi ina nkhalamba ikusudzulidwa n'kuuzidwa pomwepo kuti, "Khalani, awa ndi ana anu, mupita kuti?" Tonse tinkaganiza kuti ndi mmene zikhalire.

A Filipo anakhosomola, n'kuyamba.

"Alamu, ife tathokoza. Mwatisungira mlongo wathu mpaka Mulungu wamutenga. Tsopano chimene munabwerera kuno chatha. Takumasulani. Mukapume kwanu."

Agogo khutu lakumanzere linali litagontha, choncho anatembenuza mutu. "Mwati ndikapume kuti?"

"Kwanu, ku Nambuma. Paja kuno munali mlendo, alamu. Malo ano ndi a mbumba yathu."

Amuna anayang'ana pansi, akazi anayamba kukonza zitenje zimene zinali zokonzeka kale. Ankhoswe a mbali ya agogo onse anali atamwalira zaka zambiri m'mbuyomo, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wa ku Nambuma woti n'kuwayankhulira. Amayi anga anayesa.

"Atsibweni, bambowa akalamba. Akafikira kwa yani?"

"Iwe Gertrude," anatero a Filipo, "munda ukulimawo unaupeza kwa yani? Kwa a Mbewe, kapena kwa ife?"

Amayi anali wamasiye, ali ndi ana atatu pakhomo, ndipo munda umenewo ndiwo unali chakudya chawo. Anatseka pakamwa. Ine ndinapezeka ndaimirira.

"Agogo a Filipo, kodi chaka cha njala chija, ana anu akudya chinangwa pakhomo pano, munkadziwa kuti akudya kwa mlendo?"

"Aphunzitsi, pano si pa sukulu. Khalani pansi."

Mayi wina anandikoka chitenje mpaka ndinakhala. Palibe anandithandiza. Anthu amene anamwa madzi a chitsime cha agogo, amene fodya wawo anauma m'zigafa zomangidwa ndi agogo, amene ana awo ali moyo lero chifukwa cha agogo, onse anakhala duu ngati akumvera nkhani ya kumudzi wina.

Agogo anayang'ana zikhatho zawo. Kenaka anafunsa funso limodzi lokha.

"Nanga manda a Namwale azilambula ndani?"

"Alipo ambiri, alamu."

"Chabwino. Mundipatse masabata awiri."

Madzulo ake ndinaimbira foni amalume anga onse awiri. Wa ku Mchinji anati abwera adzakambirane. Wa ku Kasungu anati adikira amve kwa mkulu wake. Sanabwere ngakhale mmodzi. Ndinawapempha agogo kuti nkhaniyi tiipititse kubwalo, koma anakana.

"Ndikaime pamaso pa anthu, ndizipempha pogona? Ayi, Ndaziona."

Lachiwiri lake zinadziwika zimene zinali kumtima kwa a Filipo. Kunabwera lole ndi amuna atatu a ku Njewa, ochita malonda a njerwa. Tauni inali ikukula, njerwa zikufunika, ndipo iwo ankafuna dothi labwino ndi nkhuni zootchera. A Filipo anayenda nawo m'nkhalango, amunawo akukumbatira mitengo kuti aone kunenepa kwake, kenaka anatsikira ku dimba n'kumafinya dothi m'manja. Anachita zimenezi agogo ali pompo, akuona.

Ndinapempha tchuthi kwa ahedi kuti ndikhale nawo masiku otsalawo. Chimene chinandipsetsa mtima koposa n'chakuti masabata awiri aja agogo anawathera pa ntchito. Anafolera nkhokwe ya amayi. Anasintha mitengo iwiri yofumbwa pa chigafa. Anakonza chitseko cha khola. Tsiku lina ndinawapeza ali pa denga la khitchini ya akazi a a Filipo, akumanga udzu.

"Agogo, tsikani! Mukuwakonzeranji anthu okuthamangitsani?"

Anandiyang'ana ali pamwamba pomwepo, luzi lili kukamwa. Analichotsa n'kunena kuti, "Mayiyu wandilakwira chiyani? Mvula ikabwera imunyowetsa ndi iyeyo, osati Filipo. Tandiponyera mtolo uwo."

Ndinawaponyera, ndikulira ndi ukali.

Tsiku lonyamuka anafuna kutenga ngolo ndi ng'ombe zake ziwiri. A Filipo anaima pa chipata cha khola n'kunena kuti zonsezo zinachokera m'fodya wa dothi la pamudzi pano, choncho zitsale. Agogo sanatsutse. Analowa m'nyumba, n'kuika m'thumba la feteleza kasemasema, sowo, hamala, chikombole cha njerwa, Baibulo ndi chitenje chimodzi cha agogo aakazi. Amayi anadzitsekera m'nyumba, kulira kwawo kukumveka panja. Anthu ena anasuzumira m'mipanda. Amene anatiperekeza mpaka pa msewu, atasenza thumba lija, anali bambo wa mudzi wapatsidya uja amene anagwidwa ndi chimanga.

Ndinawatengera kunyumba kwanga ku sukulu. Anakhala masabata atatu, ndipo m'masabata amenewo madesiki onse othyoka a sitandade sikisi ndi seveni anaima, zimbudzi za atsikana zinakhala ndi zitseko. Ahedi anasangalala mpaka anati agogo asachoke. Koma m'mawa wina ndinawapeza atamanga kale thumba lawo.

"Pano dothi ndi la boma, Ndaziona. Iwe mawa akakusamutsa, ine ndizitsatira pambuyo ngati mbuzi? Ndiperekeze ku Nambuma."

Kumudzi kwawo anthu a msinkhu wawo anali atatha. Amene anawalandira ndi a Josephine, mdzukulu wa malemu mlongo wawo, mayi amene ankangowaona pa maliro. A Josephine anamva nkhani yonse atagwira pakamwa, kenaka anatitengera kuseri kwa nyumba yawo, pamalo a miyala pafupi ndi chulu.

"Agogo, mundikhululukire. Malo abwino anatha kale."

"Ndinazolowera, mayi," anatero agogo, akukanda dothilo ndi chala chakuphazi. "Chuluchi chili ndi njerwa zabwino."

Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu, anayambanso. Anaponda dothi, anaumba njerwa, anamanga kanyumba ka chipinda chimodzi, kowongoka ngati kojambula. Anafesa mango ndi mapapaya m'mapepala a shuga, n'kuwandandalika m'mbali mwa khonde. Msana unali utayamba kupindika, ndipo ntchito imene kale inkawatengera tsiku tsopano inkawatengera masiku atatu, koma ndikapita kukawaona sindinkawapeza pakhomo. Ankakhala ali kwa wina, akukonza mpini kapena goli.

Kwathu nako zinthu zinkayenda. M'zilimwe ziwiri nkhalango yonse inatha. Mauvuni a njerwa ankafuka usana wonse, malole akutuluka ndi kulowa. Dimba linasanduka maenje, ndipo dzinja maenjewo ankadzaza madzi obiriwira oswana udzudzu. A Filipo anagula njinga yamoto. Ine zonsezi sindinkawauza agogo, koma tsiku lina tikusenda mtedza pakhonde anandifunsa okha.

"M'bawa wa pangodya uja, woyamba kudzala uja, ulipo?"

"Anadula, agogo."

"Ndi makina?"

"Eya."

Anagwedeza mutu. "Unali utakhwima. Matabwa ake ayenera kuti anatuluka abwino. Anapangira chiyani, zitseko?"

Ndinafuna kunama, koma sindinathe. "Sanacheke matabwa, agogo. Anaotchera njerwa."

Dzanja lawo linaima m'lichero. "M'bawa wa zaka makumi asanu," anatero pang'onopang'ono. "Kuotchera njerwa."

Pa maliro a agogo aakazi sanalire pamaso pa anthu. Tsiku lowachotsa sanalire. Koma tsiku limenelo misozi inatsika mpaka m'ndevu, ndipo sanaipukute. Anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo ndinamva akunola kasemasema pa mwala, nthawi yaitali.

Anamwalira mu Febuluwale 2012. Mvula inawapeza akufolera khola la mbuzi la a Josephine, ndipo anakana kutsika asanamalize. Chibayo chinawagwira. Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, anatisiya, amayi atawagwira dzanja.

Pa maliro panadzaza anthu, a ku Nambuma ndi a kwathu omwe. Amalume anga aja anabwera, atavala masuti. A Filipo anafika pa njinga yawo yamoto mwambo uli pafupi kuyamba, n'kupita kukanong'oneza woyendetsa mwambo kuti akufuna kuyankhula m'malo mwa akuchikazi. Anapatsidwa mpata. Anaima pafupi ndi bokosi, anavula chipewa, n'kukweza mawu.

"Anamfedwa nonse, ife a ku Nsaru tataya mzati. A Mbewe sanali mlamu chabe, anali bambo wanga. Anandilera ndi iwowa. Pamudzi pathu tinkawasunga ngati dzira, ndipo pamene anaganiza zobwerera kuno kwawo, ife tinawaletsa, koma..."

Ndinayamba kudzuka, osadziwa n'komwe chimene ndikachite. Koma amayi anandiposa. Anali atakhala pakati pa amayi a Chigwirizano, atavala yunifolomu yawo yoyera. Sanaimirire. Anangotukula mutu n'kuyambitsa nyimbo ya m'buku, mokweza, ndi mawu amene sindinawamvepo chibadwire. A Josephine analandira. Amayi a ku Nambuma, amene nkhani yonse ankaidziwa, analandira onse pamodzi, kenaka amayi a kwathu, kenaka amuna. A Filipo anayesa kupitiriza, pakamwa pakuyenda koma mawu osamveka. Anakweza dzanja kuti anthu akhale chete. Nyimbo inafika kumapeto, amayi anaibwereza kuyambira ndime yoyamba. Anaibwereza katatu. Pomaliza a Filipo anavala chipewa chawo n'kukakhala pansi, ndipo abusa anatsegula Baibulo ngati palibe chachitika.

Nkhani sinathere pomwepo. Patatha masabata awiri a Filipo anakadandaula kwa akulu a mpingo wa kwathu kuti mwana wa mlongo wawo anawachititsa manyazi pagulu. Amayi anaitanidwa, ndipo ine ndinawaperekeza. Mkulu wina anawafunsa ngati zinali zoona kuti anadula mawu atsibweni awo pa maliro.

"Ine ndinaimba nyimbo pa maliro a bambo anga," anayankha amayi. "Ili m'buku lathu lomweli. Ngati inaletsedwa, mundiuze, ndisadzaimbenso."

Akuluwo anayang'anana. Wina anatsokomola kubisa kuseka. Anapemphera, n'kutiuza kuti tizipita.

A Filipo ali moyo mpaka lero, ndipo munda wa amayi sanaukhudze. Tikakumana ndimawapatsa moni, chifukwa ndinaleredwa choncho, koma dzanja langa sindiwapatsa. Anthu ena amandiuza kuti ndikhululuke, poti ndi zakale. Ndimawafunsa kuti ndikhululukire ndani, popeza palibe anabwera kudzapepesa, ngakhale mmodzi mwa onse amene anakhala chete tsiku lija.

Tikuchokera kwa akulu a mpingo kuja, ndinawauza amayi kuti anachita bwino, kuti ndinawanyadira. Anayenda kamtunda, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope.

"Usandiyamikire, Ndaziona," anatero. "Nyimbo ija ndinachedwa nayo. Bambo anali atagona kale m'bokosi, sanaimve."